Fyuzi ilipo, nanga holda yake? Werengani musanalumikize wailesi ku batire

Mu Blantyre muno fyuzi ya galimoto siyovuta kupeza. Lowani shopu iliyonse ya ma spare ku Limbe, kapena tsikirani mu msika wa Ndirande, akuthirirani m'manja tofiira, ta buluu, tachikasu, kusankha n'kwanu. Chimene chimavuta ndi pokhala fyuziyo, kanthu kaja timati holda. Sikuti maholda kulibe ayi, ali mbwee, koma ambiri ndi a tiwaya toonda ngati ta tchaja ya foni, opangidwira tinyali ting'onoting'ono. Ukafuna holda yoti ipirire chipangizo chokoka moto wambiri, konzekera kuyenda.

Nkhaniyi ndailemba poganizira anzathu a wailesi za amateur, koma inu amene mulibe wailesi yotere musathawe. Ngati kwanu kuli batire la sola, ngati munamanga amplifier mu galimoto, ngati mumatchajitsa mafoni a anthu pa batire ku okala kwanu, ikukukhudzani. Chiyambireni 2022, pamene namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi ku Kapichira ndipo kuthima kwa magetsi kunafika posauzana, mabatire a 12 volt alowa m'nyumba zambiri m'tauni muno. Ndikamayenda m'makomo mwa anzanga ndimaona waya atangomupota ku batire, wadutsa pansi pa mpando, wakafika pa TV, fyuzi olo imodzi osaoneka. Ena holda ali nayo, koma yakuda bii ndi kupsa, eni ake osadziwa.

A amateur ndi ndani?

Awa ndi anthu amene amakonda kulankhulana pa wailesi ngati chizolowezi chawo chapamtima. Saulutsa nyimbo kapena nkhani ngati MBC ndi Zodiak, ndipo si bizinesi. Ganizirani ovaova ija amanyamula alonda, koma ina mwa iyo yamphamvu moti munthu ali ku Chilomoni atha kucheza ndi mnzake wa ku Japan kapena Brazil popanda bandulo, popanda netiweki ya foni. Kuno kwathu chiphaso chake chimachokera ku MACRA, ndipo dzina loitanirana la wailesi ya ku Malawi limayamba ndi 7Q. La ku Zambia limayamba ndi 9J, la ku Mozambique ndi C9.

Wailesi zambiri za mtunduwu zimayendera moto wa 13.8 volt, womwe ndi moto wa mu galimoto injini ikamalira. Nchifukwa chake zimakwanirana bwino ndi batire la galimoto kapena la sola. Pomvetsera sizidya zambiri, amp imodzi kapena awiri basi. Koma mukadina batani kuti mulankhule, wailesi ya 100 watt ngati Icom IC-7300 kapena Yaesu FT-891 imakoka ma amp opitirira 20. Ya 50 watt yomanga mu galimoto imakoka pafupifupi ma amp 10. Kuti muone kukula kwake, babu limodzi la hedilampu ya galimoto limadya ma amp pafupifupi 5, nde wailesi ya 100 watt ili ngati mababu anayi oyaka nthawi imodzi.

Wailesi zotere zikafika kuno zogwiritsidwapo kale ntchito, kawirikawiri waya wake wa moto amakhala atasowa, ataduka, kapena ali ndi mafyuzi akale aja a galasi okhala m'kachubu ka sipuling'i. Mwini wake amayenera kupanga waya wina yekha. Ambiri amasankha fyuzi ya galimoto ya mapini awiri afulati, pa chifukwa chomveka: ikapsa, ina mukaipeza pa shopu ya ma spare yapafupi. Vuto limayambira pa holda.

Fyuzi imalondera waya, osati wailesi

Anthu ambiri amaganiza kuti fyuzi ndi yoteteza chipangizo. Ntchito yake yeniyeni ndi kuteteza waya kuti asayake. Batire la galimoto likhoza kutulutsa ma amp mazanamazana nthawi imodzi, ndi mphamvu imeneyo imene imazunguza sitata. Waya wofiira akasupuka nkukhudza chitsulo cha galimoto kapena waya wakuda, moto wonsewo umathamangira mu waya ameneyo. M'masekondi ochepa amafiira ngati waya wa mbaula yamagetsi, chikopa chake chimayaka, ndipo chilichonse chimene wagonapo, kapeti, katani, matiresi, chimayaka naye limodzi. Musanyengeke ndi zoti 12 volt sigwira munthu. Kugwira sigwiradi, koma kuwotcha nyumba imawotcha.

Mkati mwa fyuzi muli kachitsulo kopyapyala kamene anakapanga dala kuti kasungunuke waya asanatenthe. Nde chizolowezi chija chomanga kawaya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya pamalo pa fyuzi yopsa, kuli ngati kuthamangitsa mlonda chifukwa wakuwa kuti kwabwera akuba.

Dziwaninso kuti fyuzi siipsa pompopompo moto ukangodutsa nambala yake. Ya 20 amp ikhoza kupirira ma amp 22 kwa maola ambirimbiri, koma pa ma amp 40 imapsa m'masekondi osapitirira asanu, ndipo pa shoti yeniyeni imapsa m'kuphethira kwa diso. Opanga mafyuzi amalangiza kuti moto woyenda nthawi yaitali usapitirire magawo atatu mwa anayi a nambala ya fyuzi. Wailesi yokoka ma amp 21 kapena 23 amaipatsa fyuzi ya 25 kapena 30, ndipo ya 50 watt amaipatsa ya 15. Nambala yeniyeni ya wailesi yanu ili m'buku lake, itsatireni.

Mafyuziwa si ofanana onse

Fyuzi ya mapini afulati inayamba ndi kampani ya Littelfuse ya ku America mu 1976, ndipo lero ili m'masaizi angapo. Yapakatikati, imene ambiri timaidziwa, imatchedwa ATO kapena ATC, m'lifupi mwake ndi pafupifupi 19 mm, ndipo imafika mpaka 40 amp. Yaing'ono imatchedwa mini, ndi ya pafupifupi 11 mm, imalekezera pa 30 amp. Palinso ina yofupikirapo yotchedwa low-profile mini, imene mumaipeza kwambiri m'magalimoto ochokera ku Japan adzadza m'misewu yathuwa. Yaikulu ndi maxi, ya pafupifupi 29 mm, imene imayambira pa 20 amp kupita m'mwamba. Holda ya saizi ina silandira fyuzi ya saizi ina, nde popita kogula nyamulani fyuzi yanu m'thumba.

Mtundu wa pulasitiki umakuuzani nambala. Pa ATO ndi mini, 5 amp ndi ya khaki, 7.5 ya bulauni, 10 yofiira, 15 ya buluu, 20 yachikasu, 25 yoyera yooneka mkati, 30 yobiriwira. Koma werenganibe nambala yolembedwa pamwamba, chifukwa pa maxi mitundu ina imaimira manambala ena.

Kwa wailesi ya 100 watt ine ndimasankha ATO kapena maxi. Mini ya 30 amp ilipo, koma mapini ake ndi aang'ono, malo okhudzana ndi holda ndi ochepa, ndipo pamenepo ndi pamene kutentha kumabadwira.

China: mafyuzi wambawa anapangidwira moto wosapitirira 32 volt DC. Pa 12 volt ndi 24 volt ali bwino. Musawaike pa magetsi a m'nyumba a 230 volt, kapena pa sola ya 48 volt, kapena pa mapanelo ambiri olumikizidwa mondondozana.

Chifukwa chiyani holda imasungunuka fyuzi ili bwinobwino?

Apa mpamene pagona nkhani yonse. Mumapeza holda yapindika, yada, ikununkha pulasitiki yopsa, koma fyuzi mkatimo ili gwa. Anthu amati fyuziyo ndi yabodza. Nthawi zina zimathekadi, mafyuzi achinyengo alipo pa msika. Koma kawirikawiri fyuzi imakhala ilibe mlandu.

Mkati mwa holda muli timano tiwiri tachitsulo timene timaluma mapini a fyuzi. Timanoti tikakhala tolobodoka, topyapyala, kapena tadzimbiri, moto umadutsa movutikira. Kuvutikira kumeneku a zamagetsi amati resistance, ndipo amakuyeza mu ma ohm. Kutentha kumene kumatuluka mumakupeza potenga ma amp, kuchulukitsa ndi ma amp omwewo, kenako kuchulukitsa ndi ma ohm.

Tiyerekeze kuti holda yanu ili ndi 0.01 ohm, kanthu kochepetsetsa koti mita wamba siingakaone nkomwe. Pa ma amp 2, ndi 2 kuchulukitsa 2 kuchulukitsa 0.01, yankho 0.04 watt. Palibe chomveka. Pa ma amp 20, ndi 20 kuchulukitsa 20 kuchulukitsa 0.01, yankho 4 watt. Moto wakwera ka 10, kutentha kwakwera ka 100. Ma watt anayi ataunjikana pa kachitsulo kochepa ngati njere ya mpunga, kotsekeredwa mu pulasitiki, ndi okwanira kufewetsa holda. Chitsulo chikatentha chimasiya kuluma mwamphamvu, resistance imakwera, kutentha kumaonjezekera, basi zikungopitirira choncho. Nthawi yonseyi fyuzi ya 30 amp ikungoona ma amp 20, nde ipse chifukwa chiyani? Iyo imawerenga moto wodutsa, siidziwa kuti nyumba yake ikupsa.

Ndi chifukwa chake holda imene yakhala chaka chathunthu pa nyali za LED osavuta imatha kusungunuka tsiku loyamba pa wailesi kapena pa amplifier.

Moto usanabuke, wailesi imayamba kudandaula. Zambiri zimafuna 13.8 volt ndipo zimalola kutsika ndi 15 peresenti, kutanthauza pafupifupi 11.7 volt. Batire lodzadza bwino, injini itazima kapena dzuwa litalowa, limakhala cha pa 12.6 volt. Mpata wanu nde sukwana volt imodzi. Holda ya 0.01 ohm ija pa ma amp 20 imadya 0.2 volt. Zikakhala ziwiri, 0.4. Onjezerani zimene waya akudya, mupeza kuti mukangodina kuti mulankhule sikirini ikuthima, wailesi ikudziyambitsanso yokha, kapena anzanu akukuuzani kuti mawu anu akumveka mokhadzula. Ambiri amathamangira kwa okonza mawailesi, chonsecho wolakwa ndi kanthu kotchipa kali pa waya.

Poisankha yang'anani izi

Kushopu mukati mukufuna "inline fuse holder", ndiye kuti holda yokhala pa waya, yokhala ndi michira iwiri ya waya ndi kachivundikiro. Mukaigwira, yambani ndi michirayo. Musakhulupirire kunenepa kwa chikopa, ena amanenepetsa pulasitiki mkati muli tiwaya tisanu. Yang'anani kumapeto muone mkuwa weniweniwo. Pa chikopa pamalembedwa nambala ya AWG, ndipo imayenda chobwerera: nambala ikachepa, waya ndi wonenepa. 16 AWG ndi pafupifupi 1.3 mm², 14 ndi 2.1 mm², 12 ndi 3.3 mm², 10 ndi 5.3 mm². Kwa wailesi ya 100 watt funani 12 kapena 10. Kwa ya 50 watt 14 ikwana. Holda ya 16 kapena 18 AWG isiyeni, olo wogulitsa alumbire kuti imanyamula 30.

Kenako palani kawaya kamodzi ndi mpeni, mutapempha kaye eni shopu. Mkuwa weniweni ndi wofiirira mpaka mkati. Mukaona mkati mukuyera, ameneyo ndi aluminiyamu wopakidwa mkuwa pamwamba. Aluminiyamu amadutsitsa moto pafupifupi 60 peresenti ya mmene mkuwa umachitira, amathyoka msanga, ndipo amachita dzimbiri loyera polumikizira.

Chachitatu, lowetsani fyuzi yanu ija. Iyenera kulowa mokakamiza ndipo potulutsa muvutike pang'ono. Ikangoti lowu ngati phazi mu silipasi, kapena ikamagwedera mukaikhudza, bwezani. Suzumirani timano tamkati, tikhale tochindikala ndi towala. Kokani michira ija mwamphamvu, isasunthe. Ngati holda ikakhala mu boneti, ikhale ya chivundikiro cha labala, chifukwa madzi a mvula ndi matope a m'misewu yathu sachedwa kudya chitsulo.

Nanga muipeza kuti?

Mashopu a ma spare wamba ndi poyambira, koma nthawi zambiri amasunga zoonda zija chifukwa ndi zimene zimayenda malonda. Ine ndimayamba ndi anthu omanga zoimbira m'magalimoto. Amplifier imakoka moto ngati wailesi yomweyi, nde iwo amasunga maholda a waya wonenepa, a maxi ndi ena omanga ndi mabawuti. Achiwiri ndi mashopu a sola, makamaka amene amagulitsa tibokosi ta mafyuzi angapo ta 12 volt. Kabokosi kotere nkabwino ngati batire limodzi likudyetsa wailesi, nyali ndi tchaja, chilichonse chimakhala ndi fyuzi yakeyake.

Achitatu ndi amakaniko a zamagetsi a galimoto komanso ogulitsa zida za magalimoto ophwasula. Ku Ndirande ziliko, ndipo a ku Lilongwe mukudziwa kale za ku Biwi ndi mu Malangalanga. Holda yochoka mu galimoto inapangidwa ndi fakitale kuti ipirire kutentha ndi mabampu kwa zaka, nde kawirikawiri imaposa yatsopano yotchipa. Pemphani kuti akudulireni ndi waya wake wotalikirapo, ndipo sankhani imene inali pa waya wonenepa, monga wa fani ya rediyeta. Onetsetsani saizi, chifukwa bokosi la galimoto ya ku Japan nthawi zambiri limakhala la mini. Ikakhala yakuda, yobiriwira ndi dzimbiri kapena yosungunuka m'mbali, isiyeni.

Ngati muli ndi m'bale ku Joni kapena ku UK amene akubwera, holda ndi kanthu kolowa m'thumba la jekete. Muuzeni mawu atatu: ATO kapena maxi, 10 kapena 12 AWG, ya chivundikiro. Agule zingapo.

Zikavutitsitsa pali njira yongogwirizira. Ma terminal aakazi afulati a 6.3 mm, aja amalowa pa hutala ndi pa ma relay, amalowanso pa mapini a fyuzi ya ATO, imodzi mbali iyi ina mbali iyo. Koma dziwani kuti mapini a fyuzi ndi opyapyala pang'ono kuposa chitsulo chimene ma terminal amenewa anapangidwira, nde muwafinye pang'ono ndi pulayala kuti alume. Akhale okutidwa, asakhudzane, ndipo muwamange kuti asakokeke. Pa ma amp 10 zimayenda. Pa ma amp 20 ndi zongodikirira holda yeniyeni, osati zokhalitsa.

Poika pake

Holda ikhale pafupi ndi batire, osati pafupi ndi wailesi. Fyuzi imateteza waya amene ali kutsogolo kwake yekha, chidutswa cha pakati pa batire ndi fyuzi chilibe mlonda. Malamulo a zamagetsi a m'maboti ku America amati fyuzi isatalikire mainchesi 7, pafupifupi 18 cm, kuchoka pamene moto ukuchokera. Ndi muyeso wabwino kuutengera, kutalika kwa chikhatho chimodzi. Waya amene anabwera ndi wailesi akakhala ndi mafyuzi kumapeto kwenikweni ndipo inu mwamuonjezera kuti afike ku batire, ikani fyuzi ina ku batireko.

Waya yense akhale wolingana ndi fyuzi. Kuika fyuzi ya 30 amp pa waya wa 1.5 mm² ndi kupanga wayayo kukhala fyuzi. Kutalika nakonso kumadya moto. Wailesi ikakhala mamita atatu kuchoka pa batire, moto umayenda mamita 6, kupita ndi kubwerera. Pa ma amp 22, waya wa mkuwa wa 2.5 mm² amadya pafupifupi 0.9 volt, wa 4 mm² pafupifupi 0.6, wa 6 mm² pafupifupi 0.4. Mukakumbukira mpata uja wosakwana volt imodzi, muona nokha kuti 2.5 sakukwanira.

Polumikiza michira ya holda ndi waya wanu, kupota ndi manja nkukulunga tepi ayi. Pamenepo pamasanduka holda yoipa yachiwiri. Finyirani mu cholumikizira chachitsulo ndi chida chake, kapena wotchererani ndi mtovu, kenako vekani kachubu kaja kamafota ndi moto. Pogwira ntchito yonseyi fyuzi ikhale m'thumba, muilowetse pomaliza. Mu galimoto yambani mwachotsa terminal ya negative.

Mwina mwaonapo kuti waya wa fakitale wa wailesi zambiri ali ndi mafyuzi awiri, pa wofiira ndi pa wakuda. Si kuononga ndalama. Mu galimoto, negative ya batire imalumikizidwa ku bodi ndi ku injini ndi waya wonenepa. Wailesi nayo imakhudza bodi kudzera pa waya wa eriyo. Tsono mukatenga waya wakuda wa wailesi nkukamumanga pa batire penipeni, ndiye tsiku lina waya wonenepa uja nkumasuka kapena kudyeka ndi dzimbiri, mukaliza galimoto moto wa sitata umasaka njira ina yobwerera ku batire. Njira imene umaipeza ndi ya mu eriyo, mu wailesi, ndi mu waya wanu wakuda. Ma amp opitirira 100 kudutsa mu wailesi, mwaionera. Fyuzi ya pa waya wakuda imadula njira imeneyo. Nde ngati mawaya onse awiri akupita pa batire, gulani maholda awiri ofanana. Magalimoto ambiri atsopano ali ndi kachipangizo koyeza moto pa terminal ya negative, ndipo pa amenewo waya wakuda amamangidwa pa bodi, pafupi ndi pamene waya wa batire wamangidwa. Kunyumba pa batire la sola, fyuzi yosaphonya ndi ya pa waya wofiira.

Iyeseni musanaikhulupirire

Simufunika zida zodula. Lumikizani zonse, yatsani chipangizo chanu pa mphamvu yake yonse kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, kenako gwirani holda ndi zala. Kufunda pang'ono si vuto. Ikatentha moti simungaigwire nthawi yaitali, ichotseni lero lomwe. Amene mulibe chiphaso cholankhulira pa wailesi, kapena simukufuna kuyesera pa chipangizo chodula, lumikizani mababu a hedilampu: awiri akupatsani pafupifupi ma amp 10, anayi pafupifupi 20.

Muli ndi multimeter? Ikani pa DC volt, chingwe china mbali iyi ya holda, china mbali inayo, moto ukuyenda. Fyuzi yabwino mu holda yabwino imadya cha pa 0.1 volt. Ine ikapitirira 0.2 ndimayamba kuikayikira. Bwerezani kuyesaku pakapita miyezi ingapo, makamaka dzinja likatha, chifukwa holda imene inali bwino mu Okutobala ikhoza kukhala yadzimbiri mu Epulo.

Ndipo fyuzi ikapsa, musathamangire kuika yaikulu. Yapsa chifukwa china chake chalakwika, chisakeni kaye. Mamatizani mafyuzi awiri apadera a nambala yomweyo pa waya ndi tepi, kuti tsiku limene idzapse usiku, mashopu atatseka, musadzayesedwe kumanga kawaya.

Madzulo ano, magetsi akathima ndipo batire lanu lili pa ntchito, tsatirani waya wofiira ndi dzanja kuchoka pa batire. Mukayenda chikhatho chimodzi osakumana ndi fyuzi, mawa pitani mukasake holda. Mukaipeza ilipo, igwireni mumve ngati ikutentha. Mukatero mukaonenso kwa mayi anu ndi kwa aneba, chifukwa nyumba zathu zambiri m'tauni muno n'zogundizana, moto wa khomo limodzi sufunsa malire.